Mpanda Umene Ndinamanga

Mpanda uwo ndinamanga ndine.
Njerwa zikwi khumi ndi ziwiri,
pamwamba ndinabzala mabotolo osweka
kuti akuba azicheka zala.
Madzi alibe zala.

Pamenepo panali dambo.
Tili ana tinkakumbapo mbewa m'chilimwe,
dzinja likafika amayi ankawokerapo mpunga
achule akuchita msonkhano usiku wonse.
Mvula ikagwa ku Kaphatenga inkabwera kudzagona apa
masiku atatu, anayi,
n'kunyamuka yokha osatsanzika.

Kenako kunabwera amuna a zingwe ndi zikhomo zachitsulo,
dambo n'kudulidwa mapuloti ngati chinangwa cha pamsika.
Ogula anali a ku Lilongwe, ena ali ku Joni,
ankatumiza ndalama pafoni osaliona n'komwe dothilo.
Ine ndinapeza ganyu. Sindinama, ndinasangalala.
Fizi ya Tiyanjane inatuluka m'dambo lomwelo.

Pangodya ya puloti ya a Chagunda panadutsa khwawa.
Ndinati, bwana, tisiye kabowo apa, madzi azipita.
Anati kabowo n'kolowera agalu ndi njoka,
tseka.
Ndinatseka. Chipande changa sichikangana ndi wolipira.

Tsopano payipi imodzi, yomwe ija ya makedzana,
yonenepa ngati mkono wa mwana,
ikuyamwitsa nyumba mazana atatu.
Kwathu ku Msangu mpopi umatsokomola tambala asanalire,
kulavula mpweya, dzimbiri,
kenako kamadzi konga mkodzo wa mbuzi.
Nachisale amagona ndi khutu limodzi,
chigubu chake chili pamzere kuyambira madzulo,
mwala pamwamba kuti chisunge malo.
Mwezi ukatha bilu imafika yathunthu, ya mpweya womwewo.
Kumapuloti kuli mathanki obiriwira pansanja,
amayamba kumwa ndi iwo.
Kapinga wawo sadziwa kuti kunja kuno kuli Okutobala.

Mvula ya Febuluwale inabwera Lachiwiri usiku.
Inafika padambo pake n'kupeza mageti.
Inagogoda pampanda wanga, mpanda sunagwe,
ndinaumanga bwino, ndikuuzani, mzere wake ngati ulusi.
Basi inakhota.
Inatsata msewu wopanda ngalande,
kalavati atadzaza majumbo ndi matewera,
inadutsa pamaenje a suweji amene tinasiya osafika pansi
chifukwa pokumba madzi anali kale m'mawondo,
inawavundukula onse,
n'kunyamula zam'mimba za anthu olemera
kubwera nazo kwathu.

Tinadzuka mphasa ikuyandama.
Makope a Tiyanjane, ufa theka la thumba.
Nsapato yanga imodzi sindinaione mpaka lero.
Chitsime cha kwa Abiti Mdala,
chomwe tinkathawirako mpopi ukauma,
anachithira kolorini, kenako anachikhomera thabwa.
Mwana wa a Sikelo anathamangira naye kuchipatala pa kabaza.
Anabwerako, koma maso ake akadali m'kati.

A khonsolo anafika ndi jombo zatsopano,
kujambula zithunzi, kuloza uku ndi uku.
Mmodzi anafunsa kuti ndani anatseka njira ya madzi apa.
Ndinali pomwepo, manja m'thumba.
Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo.

Amati madzi saiwala khwawa.
Sanaiwaledi.
Anangopatsidwa keyala ina,
ndipo dzanja lolemba keyalayo ndi ili.

Mawa ndili ndi ganyu kumunsi kwa njanji,
nyumba ya zipinda zisanu.
Dzulo ndinakalawa dothi ndi khasu:
kukumba kawiri kokha, dzenje layamba kale kutuluka thukuta.
Mwini wake waimba foni, akufuna mpanda choyamba.
Nachisale wandiyang'ana, sananene kanthu,
wangoika chipande changa pakhomo
pafupi ndi chigubu chouma.