Magigabayiti Awiri

Mzere wobiriwira waima pa 87 peresenti.
Aka n'kachitatu.
Fani ya laputopu ikupuma wefuwefu
ngati galu wokwera masitepe a Cerro Cordillera,
khofi wa Ximena wazizira osamulawa.

A chionetsero cha mafilimu sanyengerera:
fayilo isapose magigabayiti awiri,
ifike isanakwane 12 koloko usiku uno.
Yathu ili ndi makumi anayi.
Zaka zitatu tikulondola Don Evaristo,
woyendetsa chikepe chakale chokwera phiri kuno ku Valparaíso,
lero akuti timufinye
mpaka akwane m'kabotolo ka mankhwala a m'maso.

Nditafinya koyamba, mdima wa padoko unasweka
timabokosi timabokosi,
thambo linachita mizeremizere ngati bulangete la m'ndende.
Mankhwala ake ndi oseketsa:
kuti thambo lisalale, umawazamo fumbi.
Ndinawaza. Linasalala.

Kachiwiri, milomo yake inkatseka
mawu akadali m'njira,
akubwera pambuyo ngati mwana wotopa paulendo.
Kamera yobwereka kwa Baltazar ija
inkagwira zithunzi 25 pa sekondi, yathu 24.
Chimodzi chokha!
Koma ikatha mphindi, nkhalamba yaseka kale
nthabwala isanathe.

Nanga pa 87 pagona chiyani?
Ndatsata mphindi ndi mphindi, kuona maso a nkhono n'kudekha,
ndakapeza: kakanema ka pafoni ya mdzukulu wake, Maite,
ka kuchipatala, masekondi khumi ndi anayi,
dzanja likunjenjemera, agogo akufunsa
ngati zingwe zapakidwa girisi.
Makina akafika pamenepo amatsamwa.
Sindiwada. Nanenso ndimatero.
Ndakatulutsa, ndakatembenuza pakokha, ndakabwezera pamalo.

Hafu pasiti teni.
Pansi apo basi yomaliza yakhotera ku Plaza Echaurren,
aneba akukazinga anyezi.

Makinawa ali ndi nkhanza yawoyawo:
amasunga zimene zasintha,
zosasuntha amangoti, n'chimodzimodzi kale.
Mafunde ndi okwera mtengo, mvula ndiye musanene.
Munthu wokhala phee ndi wotchipa.
Ndiye kumapeto kuja, chikepe atachitseka ndi unyolo,
Evaristo atakhala pabenchi masekondi makumi anayi osanena kanthu,
makina anati palibe chikuchitika,
n'kumuumitsa nkhope ngati chithunzi cha pachiphaso.
Chikope chake chakumanzere, chija chinkaphethira pang'ono,
anachimeza.

Ndikuti, Ximena, tidule nyanja ya koyambirira.
Akuti, unadzukako iwe?
M'bandakucha kanayi ndili pamwala, zala zitauma!
Ndikuti, nyanja idzakhalapo mawa.
Zii.
Wapita pazenera, wayatsa fodya amene anasiya chaka chatha,
akuyang'ana nyali za sitima zonyamula makontena.
Osacheuka akuti, usiyeko funde limodzi.

Ndasiya awiri.
Zonse zimene nyanja inkadya ndazipereka kwa chikope.

88.
Sitikupuma. 93.
Ximena wakweza laputopu pa mabuku awiri kuti ipite mphepo,
akuikupiza ndi chivindikiro cha bokosi la nsapato
ngati wodwala malungo.

1.98.
Intaneti ya m'nyumba muno ndi kamba,
choncho tathamangira kwa Baltazar, masitepe zana limodzi ndi makumi asanu,
disiki ili m'thumba la jekete, dzanja langa pamwamba pake.
Yalowa kutatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Pobwerera takhala pa sitepe ina, miyendo ili lendelende,
tatsegula fayilo pafoni ya galasi long'aluka,
tadumpha zonse mpaka kumapeto.
Benchi. Unyolo. Chipewa pabondo.
Anatisiya mu Julayi, filimuyi sanaione.
Ximena wayandikitsa foni kumaso,
mpweya wake wachita nthunzi pagalasi, wapukuta ndi mkono wa juzi.
Dikira, akutero. Dikira.

Apo.
Chaphethira.