Miyezi Itatu ya Tsuga

Ine ndimasunga makiyi a nyumba yosanja iyi ya ku Tbilisi,
makiyi khumi ndi awiri pa waya mmodzi,
ndipo alendo ndimawadziwira ku masutikesi awo.
Amabwera ndi awiri, amabwerera ndi anayi,
koma chopuma sichilowa mu sutikesi.

Mphaka wa mphunzitsi uja wa pa nambala 6
ndinamupeza pakhonde, madzi ataundana m'mbale,
kakalata kali pachitseko: "Amadya nsomba za m'chitini, pepani."
Pepani sakhutitsa mphaka.
Galu wa aja a ku ofesi ya kazembe anamutsitsa panjira ya ku bwalo la ndege,
anathamangitsa takisi mpaka pamlatho.
Lero amagona pansi pa benchi, kachizindikiro kachikasu kukhutu,
akaona galimoto yoyera amadzambatuka.

N'chifukwa chake Torben, mmisiri wa mapaipi wa ku Denmark,
atafika ndi kagalu konjenjemera m'jekete,
ndinamufunsa pamasitepe pomwepo, moni ndisanapereke:
Ntchito yako kuno ikutha liti?
Anati pakatha chaka ndi theka.
Ndinati galu amakhala zaka khumi ndi zisanu, werengera wekha.
Anaseka. Ine sindinaseke.

Koma mnyamatayo anali ndi khutu.
Anamubayitsa katemera wa chiwewe,
anamuikitsa kachipangizo konga njere ya mpunga kunsi kwa chikopa,
anagula bokosi la pandege Tsuga akadali wokwana m'chipewa
n'kumamudyetsera momwemo kuti asadzaliope.
Ya tikiti ya galu ankaiponya m'botolo la jamu.

Kenako kampani inatseka ntchito mwadzidzidzi.
Magazi a Tsuga anali atangopita kokayezedwa,
lamulo la kwawoko likuti dikirani miyezi itatu,
ndipo ndege sidikira magazi.
Anagogoda kwanga usiku, atanyamula chingwe, thumba la chakudya, envelopu
ndi juzi yake yakale yosachapa.
Lamara, ndibwera pa 9 Epulo.
Ndinalandira chingwecho osayankha.
Mawu amenewo ndinawamvapo m'zinenero zisanu ndi chimodzi.

Sabata yoyamba Tsuga sanadye.
Ankagona pa juziyo, mphuno italoza kuchitseko.
Ndinamunyengerera ndi tchizi, ndinamukalipira, osatheka.
Sabata yachitatu anandibera buledi patebulo,
ndinamutukwana mtima uli mbee.
Anayamba kundikoka kukwera chitunda cha kumsika,
bondo langa lodwalali mpaka linaiwala kudandaula.
Lamlungu lililonse foni inkalira, nkhope ya Torben pagalasi,
galu n'kumanunkhiza kuseri kwa foni kufuna mwini mawu.
Ine chamumtima: tiona.
Ndinali nditamugulira kale mbale yatsopano, yabuluu.

Pa 9 Epulo kunagwa mvula.
Pa 9 Epulo belu linalira.
Tsuga anandiwomba bondo podutsa, osacheuka,
n'kukodzera kapeti yanga yabwino ndi chimwemwe.
Torben anayala mapepala patebulo, zidindo zisanu ndi ziwiri,
ngati mwana woonetsa mayi ake zotsatira za mayeso.
Ndinati wachita bwino.
Ndinatero ndikuyang'ana kukhoma.

Akuti tsopano amathamanga pamchenga wozizira ku Esbjerg.
Chithunzi chili pa firiji.
Mbale yabuluu ija ndimathiramo msuzi n'kukaitula pansi pa benchi
kwa uja wa kachizindikiro kachikasu.
Sandiyang'ana. Maso ali kumsewu.
Timakhala awiriwiri, iye kudikira galimoto yoyera,
ine kuseweretsa makiyi.

Pa nambala 6 palowa mtsikana wina dzulo,
masutikesi awiri,
akufunsa kumene angapeze kamphaka.
Ndamuuza atsike madzulo adzamwe tiyi,
abweretse ndi kalata yake ya ntchito.