Chidindo cha Pazenera

Kuno ku Once, mu Buenos Aires, tambala alibe ntchito.
Amatidzutsa ndi Reb Anshel Gurfinkel,
kugogoda pa bekari ya bambo folo koloko isanakwane,
chipewa chili chinyezi, mpweya uli tolotolo ndi chisanu.
Manja tili nawo, machesi tili nawo,
koma moto woyamba mu uvuni ndi wake.

Amaswa mazira limodzilimodzi m'kapu yagalasi,
kuunika pa getsi ngati wofuna ndolo yotayika.
Lokhala ndi kadontho ka magazi, kudzala.
Lero wataya anayi.
Bambo awerengera mumtima, ine m'buku,
pakuti buku la ndalama ndi langa:
ufa, lendi, magetsi, yisiti,
ndi mzere wachisanu wosalowa mu uvuni
koma wofufuma mwezi ndi mwezi,
chidindo cha kosha,
kapepala ka pazenera kosaposa chikhatho changa.

Amalume a Zelik, pakamwa pali nyenyeswa:
"Kweza mtengo, Hershl.
Wofuna kudya mtima uli m'malo
alipire mtendere wakewo."
Bambo osatukula mutu pa mtanda wa ufa:
"Ukawauze ndiwe Mayi Perla Wajsman
akabwera Lachisanu ndi timapeso tomanga pampango
kudzagula mikate iwiri yoluka ya Sabata.
Ukawauze kuti kumvera Mulungu kwakwera mtengo."

Ramiro wa takisi si Myuda,
amangokonda mabanzi athu a anyezi.
Anagogoda kapepalako ndi kiyi:
"Ine rabi sindinamuitane. Ndimlipirenji?"
Usiku ndinakhala pansi ndi pensulo.
Gawo lake pa banzi limodzi
silifika mtengo wa chitowe chowazidwa pamwamba.
Ndinamuuza. Anaseka, nati,
"Chitowecho ndimachidya, mwanawe."

Kumbuyo kwake kunali Samira wa kusitolo ya nsalu,
amene amagula kuno podziwa kuti mafuta a nkhumba
sanapondepo pakhomo pano,
ndi mayi wa kamnyamata kotupa milomo kakalawa mkaka.
Awiriwa amawerenga kapepalako kuposa ife eni.

Ndiye alipire a kusunagoge, atero amalume.
Akomiti ayankha kuti denga likudontha,
thumba la maliro lili pululu.
Alipire a kampani ya ufa.
A ufa akuti nawonso ali ndi rabi wawo.
Ngongole ikungozungulira ngati mbale yotentha,
aliyense kuigwira ndi nsonga za zala
n'kuipatsira mnzake.

Ndinakonza mawu aukali oti ndimuuze Reb Anshel.
Ndinamupeza atagwada, akusuzumira pansi pa uvuni,
zidendene zili m'mwamba.
Nsapato yakumanzere inali ndi chiboo,
mkati atayalamo katoni ya mazira athu omwe.
Ana ali nawo asanu ndi mmodzi.
Madzulo amabweranso ngati wogula wamba
kudzafunsa buledi wadzulo, wotsika mtengo.
Mawu anga ndinawameza osatafuna.

Lachitatu bambo anamatula kapepalako.
Kanagona m'thumba la epuloni usiku wonse.
Pagalasi panatsala kabwalo koyera
kamene fumbi la msewu wa Tucumán silinakafikepo
zaka makumi awiri.
Kusanache anakamatanso, mopendama pang'ono,
osauza munthu.

Mtengo sitinakweze.
Tinachepetsa mkate ndi chala chimodzi.

Lachisanu Mayi Perla anaunyamula,
kuuyeza pachikhatho ngati khanda la mnansi.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
pamwamba pa magalasi awo omanga ndi ulusi.
"Chaka chino," anatero,
"ngakhale mikate yayamba kusala kudya."
Anamasula mpango, nawerenga ndalama zonse,
osachotsapo ngakhale imodzi.

Ndinatsegula buku kuti ndilembe amene walipira.
Pamzere wachisanu malo ndi ochepa,
dzina limodzi lokha ndi lomwe lingakwanepo.
Pensulo ndaisiya pomwepo.
Panja wina akugogoda.