Wa Mopu ku Gulupu

Ntchito yanga ndi ya ndowa ndi mopu,
wodi ya amayi, usiku, ku Gulupu.
Sindilemba m'mafailo, sindibaya jakisoni,
koma magazi ndimawadziwa mayina:
awa ndi a uchembere, awa ndi a chotupa,
awa ndi aja mwiniwake amati,
"Ndinangoterereka pamjigo, anesi."

Lachitatu anabwera naye pakabaza kuchokera ku Mbayani,
Asiyatu, wa Folomu 3, inki idakali m'zala,
atamukulunga m'nsalu ya chipani
imene mayi ake anavinira pa Njamba dzuwa lonse
n'kupatsidwa thu sauzande ndi fanta wofunda.
Nkhope ya bwana pansalupo inkamwetulirabe
magazi atafika m'mano.

Pawailesi ya alonda kugeti
amuna anayi akukambirana za chiberekero:
wa kolala, wa tayi, wa madigiri,
ndi wina woimba foni ali ku Chirimba, mayunitsi akumuthera.
Palibe mmodzi anawerengapo masiku ndi zala mumdima
mtima ukugunda ngati chigayo.
Akuti moyo ndi wopatulika.
Inde, ndavomera.
Nanga uwu ukutha pamachira apawu
ndi wa nkhuku?

Mwini mimba ndikumudziwa.
Ali ndi golosale ya utoto wobiriwira,
amakongoza shuga kwa ana asukulu okhaokha.
Loweruka adzavala malaya oyera,
adzayenda pa perete mpaka pa Ginnery Corner
chikwangwani m'mwamba, Baibulo m'khwapa,
ndipo makamera adzamukonda.

M'mawa m'minibasi ya ku Bangwe
kamnyamata ka ndolo kakulira m'masipika,
kutamanda chiuno, chiuno, chiuno chokhachokha,
ngati mtsikana alibe mutu, alibe mayeso Lolemba.
Kondakitala akuthira mang'ombe.
Chiuno chomwecho chikalemera nyimbo imaduka,
imatsala ya mayi wa mufoni uja:
nambala mwaimbayi sikupezeka.

Amati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo.
Abwere adzaone folo koloko ya m'bandakucha
amene amakoka ngolo yachitsulo ija
yolira tayala limodzi
kutsika nayo kukhonde lalitali lopita kumotchale.
Chaka chino ndatsitsa Edina wa ku Chilobwe,
ndatsitsa mayi wa ana asanu ndi mmodzi
amene anapempha kutseketsa, n'kuuzidwa,
"Kafunseni kaye abambo kunyumba."

Nanenso ndili nacho changa.
Pamkono wamanzere, pansi pa khungu,
pagona timitengo tiwiri ta kulera
timene bambo a Madalo sakutidziwa.
Akandigwira pamenepo ndimati ndi katemera wakale.
Voti yanga yeniyeni ndi imeneyo,
ndinaponya ndekha, popanda wondivinitsa.

Asiyatu anatsitsimuka Lachisanu.
Sanafunse madzi, sanafunse mayi ake.
Anati, "Apolisi abwera?"
Kenako, chapansipansi,
"Pepala la Bayoloje alemba kale?"
Ndinati sindikudziwa, mwanangu, dzutsa miyendo ndikolope.

Nsalu ija ndinaichapa ndine,
madzi atatu ndi jiki wa boma,
n'kuiyanika pawaya kuseri kwa wodi
moyang'anana ndi phiri la Soche.
Mayi ake adzaifuna, kampeni ili pafupi
ndipo pakhomo palibe ufa.
Bwana uja anayera mbee, mano onse,
ngati sanaone kanthu.
Nkhope zawo sizichedwa kuyera.
Zikhadabo zangazi ndiye zakana.