Khosi Lili ndi Makomo Awiri

Zinayamba ndi batani.
Batani lachitatu la malaya a kuntchito
linanditerera m'zala ngati njere ya papaya,
ndipo Maite, mwana wanga, anandimangira osanena kanthu.
Kenako makobidi a okwera anayamba kundipulumuka,
kugubudukira pansi pa chikepe
chimene ndachiyendetsa zaka makumi atatu ndi ziwiri
pa phiri lino la Valparaíso,
kukweza anthu kuchokera kudoko, kuwatsitsa ndi madengu awo.

Pa masitepe a kwathu ndinkadzandira.
Aneba anati Eladio wayamba kumwa m'mamawa.
Bwenzi zili bwino zikanakhala choncho:
mowa umatha ukagona.

Dokotala Arriagada anayatsa chithunzi.
Khosi langa, lopanda khungu, lopanda ndevu.
"Mukuona chingwe chotuwachi?
Uthenga wonse wopita kumanja ndi kumapazi umadutsa muno.
Apa, ndi apa, mafupa achifinya."
Sindinafunse zambiri. Chingwe ndimachidziwa.
Ndinachionapo chikudyeka pa gudumu,
ulusi umodziumodzi, mwakachetechete,
chikepe chikuyendabe ngati kulibe kanthu.

"Khosi lili ndi makomo awiri," anatero.
"Lakutsogolo: ndicheka pa khwinya ili,
ndikankhira kholingo pambali ngati katani,
ndizula kamphira kakutha ka pakati pa mafupa,
ndiikapo kachitsulo, n'kumanga ndi misomali.
Mafupawo adzagwirana mpaka kukhala limodzi.
Mawu angasase. Kumeza kungavute.
Lakumbuyo: ndilowera kunkhongo,
ndisasula denga la ngalandeyo,
kapena kulitsegula mbali imodzi yokha
ngati chitseko chosiyidwa pang'ono usiku wotentha.
Bala lake limachedwa kuiwalika."

Maite anafunsa za kamphira kopanga,
kamene kamalola khosi kutembenukabe.
Dokotala anapukusa mutu: mafupa awa amera minga.

"Nanga zala zanga zibwerera?"
Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali.
"Ndingathe kuimitsa kutsetsereka.
Kukweranso n'kwa thupi lanu."
Mabuleki, ndinatero.
Inde, anati, mabuleki.

Usiku umenewo tulo anandithawa.
Sitima zinkalira kudoko, agalu akuyankha pamwamba.
Ndinagwira pakhosi, ndinagwira kunkhongo,
ngati wogula amene akupapasa mavwende awiri
ndi dzanja ladzanzi.
Maite ankaopa khomo lakutsogolo chifukwa cha mawu anga.
Ndinati mayi ako akanakhala moyo
akanati kusasa kwanga n'kupuma kwa nyumba yonse.
Anaseka, kenako analira, kenako anatsuka makapu otsukatsuka kale.

Chofinya chinali kutsogolo.
Mwala ukatseka njanji sukautulutsira kuseri kwa phiri.
Ndinasaina. Dzina langa linatuluka ngati mapazi a nkhuku.

Ndinadzuka khosi lili m'goli loyera.
Madzi oyamba anatsika ngati mwala.
Namwino anati finyani dzanja langa,
ndinafinya, anati eya,
sindinadziwe ngati eya wakeyo ndi wa onse.
Masabata atatu ndinkalankhula ngati khwangwala wachimfine,
ndipo mdzukulu wanga Nahuel ankanditsanzira pansi pa tebulo.

Tsopano miyezi isanu yapita.
Masitepe ndimawawerengabe, koma sandikananso.
Pofuna kuona nyanja ndimatembenuka thupi lonse
ngati sitima yolowa padoko.
Batani loyamba ndimamanga. Lachiwiri ndimamanga.
Lachitatu likadali ndi mwano.

Dzulo ndinakwera chikepe changa ngati mlendo.
Mnyamata amene anatenga malo anga anatambasula dzanja.
Ndinalowetsa zala m'thumba,
ndinafufuza, ndinafufuza,
anthu kumbuyo akutsokomola,
mpaka ndinalimva kobidi, kuzizira kwake, mphepete mwake,
ndinalitola,
ndinaliika m'chikhatho mwake,
silinagwe.

Tikukwera ndinatchera khutu ku chingwe.
Chikufunika mafuta.
Ndinamuuza, ndi mawu anga otsalawa.