Atsekwe a Bwana Venter

Ku Joni kuno, mwezi wa Julaye,
madzi amagona atavindikira.
Ndinaona ndekha pafupi ndi Lanseria,
padamu la kumunsi kwa pulazi,
ndege yoyamba isananyamuke:
m'mphepete monse ayezi ngati galasi,
pakati pokha pakufuka nthunzi.

Mfuti inalira kawiri.
Tsekwe mmodzi anagwera m'bango, pafupi.
Winayo uko, pothera ayezi,
phiko limodzi m'mwamba
ngati mwana wofuna kuyankha m'kalasi.

Tessa, galu wa bwana, anaponda kamodzi,
nabweza phazi, nakhala pansi.
Galu wamkota sakandira pachabe.
Anandiyang'ana.
Bwana nayenso anandiyang'ana.

Chaka chatha analowa ndi Layisoni wa ku Bawi,
majombo ali kuphazi.
Madzi atafika m'chifuwa mpweya unamuthawa,
kukamwa yasa, mawu osatuluka.
Majombo anamwa madzi, nasanduka miyala.
Tinamukoka ndi waya wa mpanda, milomo ili bii.
Milungu itatu akutsokomola m'kachisakasa ku Diepsloot,
kuchipatala akuopa kufunsidwa mapepala.
Tsekwe uja anadyedwa Lamulungu lomwelo.

Ndiye ine sindilowa, bwana.
Dikirani.

Chingwe m'chiuno mwanga, nsonga ina pabulugama,
Thabang wa ku Lesotho wagwira pakati,
ndudu yozima ili pakamwa.
Chitseko chakale cha khola ndachiyala pamatope,
ndagonapo chafufumimba.
Paipi yothirira kabichi, ngowe ya waya kunsonga,
ndikugogoda: khwa, khwa,
ayezi akuthetheka ngati mbale yadothi,
kanjira kakuda kakutseguka.
Paipi yapelewera ndi mkono umodzi.
Mkono umodzi wokha!
Pamenepo ndi pamene damu limakunong'oneza:
tangosendera pang'ono.

Sindinasendere.
Ndinatenga botolo, mchenga theka,
ndi ulusi wa nayiloni womangira tomato.
Koyamba ndinaphonya.
Kachiwiri linagwera pa ayezi n'kutsetsereka, Thabang akuseka.
Kachitatu, thibu, kuseri kwa mbalame.
Kenako kukoka, pang'ono pang'ono,
monga ukokera bulangete kwa mwana wogona,
mpaka ngowe inakola phiko.

Bwana anayang'ana wotchi,
nati mawu amodzi a Chibunu, aja oyamikira,
nasiya marandi makumi asanu pabonati ya bakki.

Ine zala zinali zitafa, sizimatha kutola ndalama.
Ndinazilowetsa kunsi kwa phiko la tsekwe,
munthenga zofewa zija madzi sanafikemo.
Munali kakutentha kotsala,
kochepa, kakutha.
Ndinaima choncho mpaka zala zinayamba kuwawa,
Tessa atatsamira mwendo wanga,
ndege ya m'mawa ikudutsa pamwamba pathu
kulowera kumene sindikudziwa,
ngakhale ine ndimati n'kumpoto.