Injini Ikulira, Matayala Sakumva

Che Ajibu anafika malata a ku Jeppe asanatenthe,
galimoto yawo itasenza mafiriji awiri,
njinga, ndi zikwama za eni ake
zoyenera kufika ku Ntaja Lachisanu.
Anati, "Achimwene, galimotoyi ikundinamiza.
Ndikaponda moto imabangula ngati ikuuluka,
koma pamtunda wa Nugget
mnyamata wokoka ngolo ya mabotolo wandipitirira."

Sindinatsegule n'komwe boneti.
Mphuno inali itandiuza kale:
fungo la chinthu chopserera,
ngati sokosi yoiwalika pa mbaula.

Ndinakoka handibuleki mpaka dzino lomaliza,
giya yachinayi, phazi n'kumalinyamula pang'onopang'ono.
Galimoto yamoyo imatsamwa pamenepo,
imagwedezeka kamodzi n'kuzima.
Iyi ayi.
Singano ikukwera, injini ikulira,
matayala ali duu, sakumva kanthu.

"Ndi kilatchi, Che Ajibu. Yatha."
"Yatha bwanji? Chaka sichinakwane."
"Phazi lanu lamanzere limagona kuti?"
Anayang'ana nsapato yawo
ngati ndiyo yawaneneza.

Lufeyo anakweza jeki, ine ndinayala katoni.
Mabauti ena anamvera,
limodzi lakumwamba linafuna magazi a chala changa
ndipo linawapeza.
Magetsi anathima nthawi ya teni monga mwa masiku onse,
tochi ya foni ndinailuma ndi mano.
Giyabokosi inatsika ndi kulemera kwa thumba la simenti,
inandikhala pachifuwa, ndinapuma kawiri.

Nayo puleti:
yapyapyala, yosalala ngati chidendene cha patapata,
timisomali take tili poyera.
Fulaiwilo yachita mawanga a buluu, moto unapitapo.
Kumbuyo kwake oyilo akudontha,
dontho, dontho, pa silo yong'ambika.
Ukasintha puleti osatseka pamenepo
udzaonananso ndi mwini wake Khirisimasi isanafike,
atakwiya.

Tinakangana za marandi mpaka tiyi anazizira.
Lufeyo anakwera takisi ya ku Booysens,
anabwera ndi bokosi, chenji choperewera,
ndi milomo yonyezimira mafuta a tchipisi.
Sindinafunse.

Pansi pa galimoto munthu umaganiza zambiri.
Zaka khumi ndi chimodzi mu Joni muno
nanenso ndabangula,
Lolemba mpaka Lamlungu, singano pamwamba,
koma nyumba yanga ku Lunzu
ikadali pamawindo pomwe ndinaisiya,
udzu ukumera m'chipinda chogona.
Pena pake pakati pa thukuta ndi njerwa
chilipo chimene chikuterera.
Chimenecho sipanala yake sindinaipeze.

"Bwana, mwagona?"
Ayi, Lufeyo. Patse kachitsulo kolunjikitsira.
Puleti ikhale pakati penipeni,
ikapendekera ngakhale ndi tsitsi
giyabokosi ikana kulowa, tidzatukwana mpaka mdima.
Mabauti umange modumphitsa,
ili, kenako la kutsidya, kenako ili,
asadandaule kuti lina lakondedwa.
Girizi pang'ono chabe. Pang'ono, ndati!

Dzuwa likutsamira nsanja ya Hillbrow
tinabwerera pa Nugget pomwepo, katundu yense ali pamsana.
Giya yachiwiri. Phazi m'mwamba.
Inagwira.
Ndinaimva m'msana, mpando ukundikankha,
mafiriji akugundana kumbuyo ngati akuombera m'manja.
Che Ajibu anaseka mpaka chisoti chinagwa.

Pa loboti yachitatu ndinaona nsapato ija
ikubwerera mwakachetechete pamalo pake pakale.
Ndinawamenya bondo.
"Kumeneko si kwanu. Pondani, chokanipo."

Polipira ndinachotsapo mahandiredi awiri
n'kuwapatsa kajumbo kakuda.
"Mukamadutsa pa Lunzu, pafupi ndi chigayo,
mufunse Esinala, mwana wa makaniko.
Ndi nsapato za kusukulu."

Anafunsa sayizi, kuti asasokoneze ndi za ena.
Ndinati faifi.
Galimoto itakhota pakona, utsi utabalalika,
ndinatsala ndikupukuta manja pa ovolosi,
ndikuwerenga zaka ndi zala zakuda:
faifi ija inali ya liti?